Womasulira wa mu laputopu yanga

Loweruka lina masana kunabwera mnyamata wa ku Mangochi kuchipinda kwanga ku Rosettenville, kuno ku Joni, flash ili m'thumba la malaya. Amagwira ntchito yaulonda ku Booysens, ndipo akaweruka amapanga amapiano pa laputopu yobwereka. Ankafuna ndimusakanizire nyimbo yake. Atakhala pampando anayang'anitsitsa pa sikirini kwa nthawi ndithu. FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, anaizindikira, mizere ya ng'oma ija anaiona, koma zonse zozungulira zinali zachilendo kwa iye.

"Achimwene, Windows yanu mwaibisa kuti?"

Ndinamuuza kuti mulibe Windows m'menemo, muli Linux, imene imayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows.

"Nanga FL ikuyenda bwanji? FL ndi ya Windows."

Sananame. FL Studio imapangidwa ndi Image-Line, kampani ya ku Belgium, ndipo kuyambira masiku amene inkatchedwa FruityLoops kwawo kwenikweni ndi ku Windows. Dzina la FL Studio linabwera mu 2003, ya Mac inatuluka mu 2018, koma ya Linux sanapangepo. Yanga imayenda pamalo amene eni ake sanaikonzere, ndipo chimene chimaiyendetsa ndi pulogalamu yotchedwa Wine.

Ndiyambe ndi chimene chinandifikitsa kuno, chifukwa sindinabwere mwaufulu weniweni. Laputopu yanga ndi ThinkPad T440p yakale, ndinaigula kwa munthu m'tauni pafupi ndi Small Street. Ndi yolemera ngati mtondo koma siitopa. Purosesa yake ndi Intel ya m'badwo wachinayi, pamene Windows 11 imafuna ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kuphatikizapo kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0. Microsoft inalengezeratu kuti pa 14 Okutobala 2025 idzasiya kusamalira Windows 10. Kompyuta ikanapitiriza kuyaka, inde, koma iyi ndi kompyuta imene anyamata amabayamo ma flash ochokera paliponse sabata ndi sabata. Kuisiya yopanda zigamba zachitetezo kunali kuitana mavuto. Kugula yatsopano kunatanthauza kuti chaka chimenecho mayi anga ku Dedza alima opanda feteleza, ndipo mlongo wanga adikira fizi. Ndinasankha kusunga makina akale ndi kusintha chimene chili m'kati mwake. Kumayambiriro kwa 2024 ndinaikamo Ubuntu Studio, mtundu wina wa Linux.

Dzinalo linandikoka mtima, ndisabise. Amene anayambitsa Ubuntu mu 2004 ndi Mark Shuttleworth, wobadwira ku Welkom m'dziko lino lomwe la South Africa, ndipo mawu akuti ubuntu ndi umunthu wathu womwewu. Koma dzina lokoma siliimba nyimbo. Funso linali lakuti FL yanga iyenda kapena ayi.

Kutchalitchi kwathu ku Turffontein abusa amalalikira m'Chichewa, ndipo pambali pawo pamaima m'bale wina womasulira m'Chizulu, chifukwa ana obadwira kuno ndi ena amene anakwatirana ndi eni dziko Chichewa chimawadutsa. Wine imagwira ntchito ya m'bale ameneyu. Anthu ambiri amaganiza kuti imamanga kompyuta ya Windows yonama m'kati mwa Linux, koma si choncho, ndipo dzina lakelo m'Chingerezi, Wine Is Not an Emulator, limakana zimenezo. Masamu onse opangira mawu, kuwerengera kulira kwa besi, kusakaniza matchanelo, FL imachita yokha pa purosesa mwachindunji, pa liwiro lonse. Womasulira amafunika pokhapokha ikafuna kupempha kanthu: nditsegulire fayilo iyi, ndijambulire windo apa, tumiza mawu awa ku sipika. Zopempha zimenezi imazinena m'chinenero cha Windows, Wine n'kuzitembenuza kuti Linux imve. Ili ngati mlendo wodziwa kuphika yekha, amene amangofuna womuyankhulira akapita kukagula mchere pamsika.

Nthawi zina abusa amaponya mwambi, mwachitsanzo wa fodya wa pamphuno ndi wa pachala uja, ndipo womasulira amaima kaye, n'kungoti "Haleluya" kuti ulaliki usaduke. Wine nayo imatero. Ukaitsegula FL kudzera pa terminal, windo lolembamo malamulo a kompyuta, pamatsika mizere yambirimbiri yoyamba ndi mawu akuti fixme. Uliwonse ndi kuvomereza kwa amene analemba Wine kuti apa pulogalamu yapempha chinthu chimene sitinamalize kuchimasulira, tangoyankha kuti eya. Masiku oyamba mizere imeneyi inkandiopsa. Pano ndimaiona ngati chilungamo chimene sindichipeza kawirikawiri m'zinthu zogula. Yambiri siivulaza kanthu. Umodzi mwa zana ndi umene umagwetsa pulogalamu, ndipo luso lonse lagona pa kuuzindikira umodziwo.

Ntchito imeneyi inayamba mu 1993 ndi Bob Amstadt ndi Eric Youngdale, ndipo kuyambira 1994 amaitsogolera ndi Alexandre Julliard. Wine 1.0 inatuluka mu 2008. Zaka 15 anthu akumasulira chinenero chimene mwini wake sanawapatse mtanthauziramawu wathunthu, chinenero chosintha chaka ndi chaka. Ndikaganiza zimenezi ndimachita ulemu. Mu 2018 kampani ya Valve inatulutsa Proton, yomangidwa pa Wine, kuti magemu a Windows aziyenda pa Linux, ndipo ndalama za magemu zinathamangitsa ntchito kwambiri. Ife a nyimbo tinapindula nazo, koma tizidziwa malo athu. Maso ambiri ali pa magemu. Chosokonekera pa gemu yotchuka chimakonzedwa msanga, chosokonekera pa pulagini ya piyano, kapulogalamu koonjezera mu pulogalamu ya nyimbo, chimatha kudikira miyezi.

Wina afunsa kuti bwanji osangosiya FL. Pa Linux pali Ardour, pali LMMS yaulere imene imafananako ndi FL, pali Bitwig ya ku Berlin, pali Reaper, zonse zoyenda popanda womasulira. Ndinaziyesa. Reaper ndinaisunga, ndimajambulira mawu a anthu. Koma popanga biti, manja anga analoweza piano roll ya FL, malo olemberapo manotsi, kwa zaka zambiri, ndipo sindifuna kuganiza za kumene kuli batani pamene nyimbo ikulira m'mutu. Chachiwiri ndi chakuti kuno ku Joni FL ndi chinenero cha msika. Mnyamata aliyense wopanga amapiano amakutumizira fayilo ya .flp pa WhatsApp, ndipo fayilo imeneyo imatseguka bwino mu FL mokha. Log drum, besi ya amapiano ija imene imagwedeza magalasi a ma taxi pa renki ya Noord, anthu ambiri amaitenga mu kachida kakale ka mu FL komweko kotchedwa Fruity DX10. Ukhoza kuitsanzira kwina, koma khutu la mwana wa ku Soweto limadziwa. Chachitatu, FL ndinaigula ndi ndalama zanga, ndipo Image-Line imapereka zatsopano zonse kwaulere kwa moyo wako wonse ukagula kamodzi. Ambiri mwa anzanga amagwiritsa ntchito ya crack, yokopera osalipira, ndipo sindiwaweruza podziwa mmene ndalama imavutira kuno, koma ine chimene ndinalipira sindinafune kuchitaya.

Usiku woyamba FL inatseguka, koma mamenyu ena anali opanda zilembo. Mabokosi okhaokha. Ndinakhala maola awiri ndikuganiza kuti ndaononga chinachake chachikulu, pamene vuto linali laling'ono: pulogalamuyo inkafuna zilembo za Arial zimene Windows imabwera nazo koma Linux ilibe. Chida chotchedwa winetricks chinazibweretsa ndi lamulo limodzi, corefonts, mawu onse n'kuonekera. Laisensi ndinaitsegula ndi fayilo yotenga ku akaunti yanga. Zimenezo zinali zosavuta.

Chovuta chenicheni chinali njira ya mawu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi.

Pa Windows, mapulogalamu a nyimbo amayankhula ndi soundcard, kachipangizo kolowetsa ndi kutulutsa mawu, kudzera pa ASIO, njira yachidule imene inapangidwa ndi Steinberg ya ku Germany, omwe aja anabweretsa mapulagini a VST mu 1996. Pa Linux ASIO kulibe. Kuli njira yake yotchedwa JACK, ndipo masiku ano kuli PipeWire imene imadziwanso kuyankhula ngati JACK. Ndiye pamafunika womasulira wachiwiri, WineASIO, amene amadzionetsa kwa FL ngati ASIO koma kuseri akupereka mawu kwa JACK. Mawu akachoka mu FL amadutsa pa WineASIO, n'kufika pa PipeWire, n'kulowa mu soundcard ya USB, kenako m'makutu. Paliponse pamenepa pakhoza kuchedwa kapena kuduka.

Kuchedwako kumawerengeka. Kompyuta imatumiza mawu m'timagulu totchedwa buffer. Ngati pa sekondi imodzi pali tizidutswa 48000 ndipo kagulu kali ndi 256, kagulu kamodzi kamatenga mamilisekondi 5.3. Kakakhala ka 1024 kamatenga 21.3. Mawu a woimba amayenera kulowa ndi kutulukanso, choncho nthawiyo imawirikiza kawiri kapena kuposa. Pa pepala ndi tinthu tochepa. M'makutu mwa munthu amene wavala mahedifoni akuimba, kumva liwu lake likubwera m'mbuyo mwa pakamwa pake kumamusokoneza ngati kuyankhula pa foni yobwereza mawu. Amayamba kukoka, nyimbo n'kulemera. Ukachepetsa buffer kuti kuchedwa kuthe, purosesa imasowa mpata womalizira kagulu kalikonse pa nthawi yake, ndipo umamva kuthetheka ngati makala onyowa pa mbaula. A Linux amati xrun. Kuthetheka kumodzi pakati pa mzere wabwino kumaononga mzere wonse.

Zinanditengera masabata angapo kuti ndipeze pakati. Ndinaonetsetsa kuti dzina langa lili mu gulu la audio, kuti mapulogalamu a mawu azipatsidwa mpata patsogolo pa ena onse. Ndinauza purosesa kuti isamadzichepetsere liwiro posunga batire. Ndinaphunzira kuzimitsa Wi-Fi ndi kutseka browser ndisanayambe kujambula. Ndinazindikiranso kuti magetsi akathima m'dera lathu, laputopu ikayamba kudya batire, kuthetheka kumabwerera, ndiye nthawi imeneyo ndimangolemba manotsi osajambula munthu. Pojambula ndimaika 256, posakaniza 1024. Ndipo chimene chinandithandiza koposa sichinali mu kompyuta: soundcard yanga ili ndi kabatani kotumiza mawu a maikolofoni molunjika ku mahedifoni osadutsa mu laputopu. Woimba amadzimva nthawi yomweyo, omasulira onse aja akuchedwa okha kumbali.

Ndikuona kuti m'zaka zonse za Windows sindinadziwepo chimene buffer imachita. Ndinkangokoka kachizindikiro mpaka phokoso litatha. Kuno ndinakakamizika kudziwa njira yonse imene liwu limayenda, ndipo tsopano ngakhale ndikakhala pa kompyuta ya Windows ya mnzanga ndimamva vuto n'kudziwa pamene lili.

Kumapeto kwa Novembala 2024 kwaya ya amayi a kutchalitchi inapangana nane kuti tijambule nyimbo ya Khrisimasi yotumiza kumudzi. Biti ndinali nditaipanga kale mu FL, ndi ng'oma zoyenda patatupatatu ngati manganje, besi yofewa pansi. Mawu ndimajambulira mu Reaper ya Linux, ndipo mapulagini a Windows ndimawalowetsamo kudzera pa mlatho wina wotchedwa yabridge, wolembedwa ndi Robbert van der Helm, umene nawonso umadalira Wine. Lachisanu usiku kompyuta inandiuza kuti pali zatsopano zoti ndiike. Ndinavomera osawerenga. Pakati pa zimenezo panali Wine 9.22.

Loweruka amayi asanu ndi atatu anadzaza chipinda, ena atakhala pabedi, ena pa makreti. Nditatsegula pulagini yowongolera mawu, windo linaoneka bwinobwino, koma ndikadina pa batani ili palibe chochitika, kapena kukuyankha kwina kumene sindinakhudze. Mbewa ndi chithunzi zinali zitasiyana njira. Ndinatseka, ndinatsegulanso, ndinazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Thukuta linayamba.

Amayi a tcheya anandiyang'ana modekha. "Mwana wanga, kodi tiyamba? Enafe tikukalowa ntchito usiku uno, ndiye taxi ya ku Sandton siidikira."

"Pepani amayi, makinawa andisokonekera. Tiyeni tingoimba, zokongoletsa ndidzaika m'mbuyo."

Tinajambula mawu osaphika, opanda reverb yopangitsa mawu kumveka ngati m'holo, opanda chowongola. Pa mzere wina a alto ankatsikira pang'ono, ndipo popeza ndinalibe chida chodzabisira pomwepo, ndinalimba mtima n'kuwauza. Anabwereza katatu, kachitatu kanakhala bwino. Anachoka nthawi yawo isanathe.

Usiku umenewo ndinapeza kuti mlembi wa yabridge anali atachenjeza poyera kuti kusintha kwa mu Wine 9.22 kukusokoneza mawindo a mapulagini, ndipo anthu akhale kaye pa 9.21. Kulakwa kunali kwanga. Amene amalemba Wine anasintha mmene mawindo amayendetsedwera pa zifukwa zawo, mlathowo unali usanagwirizane nazo, ndipo ine ndinasintha womasulira usiku woti mawa kuli ulaliki. Ndinabwerera ku 9.21 n'kuimanga ndi apt-mark hold kuti isasunthenso popanda chilolezo changa.

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi kope la sukulu la mapeji 72 limene limakhala pansi pa kiyibodi. M'menemo ndimalemba nambala ya Wine, ya FL, ya yabridge, ndi tsiku limene ndinasintha chilichonse. Wine imasunga dziko lake lonse la Windows mu foda imodzi imene amaitcha prefix, momwe muli drive_c yonama ndi mapulagini onse, ndiye fodayo ndimaikopera pa hard drive yakunja ndisanakhudze kanthu. Sabata imene kuli ntchito ya munthu sindivomera zatsopano zilizonse, ngakhale kompyuta ichonderere.

Mawu akuti pulogalamu siithandizidwa pa Linux ndinawamvetsa bwino usiku umenewo. Satanthauza kuti siiyenda. Amatanthauza kuti ikasiya kuyenda palibe amene ali ndi ngongole nawe. Sungalembere kampani kalata yodandaula, chifukwa anakuuziratu kuti malo amenewo sawadziwa, ndipo sanakunamize. Amene angakuthandize ndi anthu osawadziwa amene anagwa pa dzenje lomwelo iwe usanafike n'kulemba mmene anatulukira. Ife a ku Malawi okhala kuno moyo woterewu si wachilendo kwa ife. Wobwera kumene pa siteshoni ya mabasi ya Park Station salandiridwa ndi ofesi iliyonse. Amalandiridwa ndi msuweni wa mnzake amene amamuuza taxi yokwera, chizindikiro cha chala choimitsira, ndi msewu wosayenda usiku. Kusiyana kwake n'kwakuti pa kompyuta ndinasankha ndekha kukhala mlendo, ndipo ndikadzapeza ndalama ndikhoza kubwerera. Sindikudziwa ngati ndidzafune.

Pali zimene sizinayendebe mpaka lero. Windo la mu FL lotengera masampulo pa intaneti limadalira kachidutswa ka browser ya Windows, ndipo kwa ine limavuta, ndiye ndimangolisiya. Mapulagini okhala ndi maloko olimba oletsa kukopera ndi amene amakana kwambiri, chifukwa maloko otere amafufuza m'kati mwenimweni mwa Windows, kumene womasulira safika bwino. Zimandipweteka kuti wogula moona mtima ndi amene amatsekeredwa kunja. Ndili ndi piyano ina yokoma imene ndinalipira ndipo ili chikhalire pa hard drive. M'malo mwake ndinaphunzira kukonda zida zobwera ndi FL yomwe, ndi zina zaulere zimene zili ndi mtundu wa Linux, monga Surge XT.

N'chifukwa chake tsiku lija mnyamata wa ku Mangochi atandifunsa ngati nayenso achite zomwezi, ndinamuuza kuti ayi, asathamange. Munthu amene ali ndi situdiyo yolipiritsa pa ola, kasitomala atakhala kumbuyo kwake, asayerekeze pokhapokha ali ndi makina achiwiri. Munthu amene akungophunzira kupanga biti aphunzire kaye biti, asaonjezere katundu wa terminal pamutu. Njira imeneyi ndi ya amene makina ake akanidwa, ndalama palibe, koma ali ndi mausiku oti n'kuwerenga ndipo sachita manyazi kubwerera m'mbuyo chinthu chikakana. Nyimbo yake ndinaisakaniza tsiku lomwelo. Fayilo yake inatseguka popanda vuto, kupatula pulagini imodzi imene ndinalibe, ndipo log drum yake inali yokwera kwambiri moti inkameza mawu. Tinaitsitsa, anadandaula, kenako anavomera.

Anabweranso patapita miyezi, atanyamula laputopu m'chikwama cha pulasitiki. Mwini wake uja anamusiyira popita kumudzi, ndipo nayo Windows 11 inaikana.

"Achimwene, munati ndisathamange. Sindinathamange. Koma pano ndilibe kolowera."

Tinakhala madzulo onse. Ndinamusiya kuti azilemba yekha malamulo pa terminal, ine ndikumuwerengera kuchokera mu kope lija. FL itatseguka, mamenyu anali mabokosi opanda zilembo, ndipo anandiyang'ana ndi nkhope imene ndinaidziwa. Ndinamulozera tsamba lachitatu. Analemba winetricks corefonts, anadikira, anatsegulanso, mawu onse anaonekera. Sanayankhule. Anatsegula Fruity DX10, anaika tempo pa 112, n'kuyamba kuponya manotsi pa piano roll. Besi itagunda koyamba, amayi a chipinda choyandikana anagogoda pakhoma, ndipo tinavala mahedifoni, khutu limodzi iye, limodzi ine.